Ndani Alipire Mtengo wa Choonadi?

M'bandakucha, mathiraki opita ku Tete ndi mabasi a ku Johannesburg asanayambe kundanda pa chipata cha Mwanza, mnyamata wina amakhala atamanga kale katoni yake kumbuyo kwa njinga yamoto ya kabaza. M'katonimo muli sola yoika padenga, batire, mababu atatu, wailesi ndi chingwe chotchajira foni. Ulendo wake ndi wa ku midzi ya cha ku Thambani, kumene mawaya a ESCOM sanafike m'nyumba zambiri. Wavala malaya olembedwa dzina la kampani, koma m'mabuku a kampaniyo iye sawerengedwa ngati wantchito. Amatchedwa ejenti wodziimira payekha. Alibe malipiro a pamwezi. Akagulitsa amalandira kagawo kake kotchedwa komishoni. Akabwerako chimanjamanja, ndalama ya kabaza, ya mayunitsi ndi ya nkhomaliro imakhala yatuluka m'thumba lake lomwe.

Achinyamata otere alipo ambiri masiku ano. Ena amagulitsa sola, ena amasakira makasitomala eni mashopu a malata, simenti ndi penti, enanso amayenda ndi mbaula zosatha nkhuni. Onsewa chowadyetsa n'chimodzi: mawu akuti "inde" otuluka m'kamwa mwa munthu wina.

Mnyamata uja wafika pakhomo pa gogo wina. Ndi nyengo ya manachesi, zipatso zimene boma la Mwanza limadziwika nazo, ndipo gogoyo wangogulitsa kumene mabasiketi angapo kwa mavenda. Kandalama kali pa mfundo ya chitenje. Adzukulu ake amawerenga ndi tochi ya mabatire, ndipo foni amakatchajitsa kumsika. Mnyamata wayatsa babu, maso a adzukulu awala. Wafotokoza kuti sola yotere salipira yonse pakamodzi: munthu amapereka dipoziti, kenaka n'kumalipira pang'onopang'ono kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba mpaka ngongole itatha.

Gogo wakhala chete kanthawi, kenaka wafunsa kuti, "Mwanangu, nanga ndikadzalephera kulipira mwezi wina, zidzatha bwanji?"

Yankho mnyamatayo akulidziwa. Ndalama ikapanda kulowa, batire limadzitseka lokha ndipo nyumba imabwerera mumdima. Ngongole ikakhalitsa, mgwirizano ungalole kuti katunduyo adzatengedwe. Akudziwanso kuti manachesi satha chaka, ndipo mu Januwale ndi Febuluwale pakhomo potere ndalama iliyonse imapita ku chimanga. Komanso akudziwa kuti patha masiku asanu ndi anayi asanagulitse kanthu, ndipo mwininyumba wake wafunsa kale za lendi kawiri. Pali mawu atatu amene angatseke malondawa pompano: "Musadandaule agogo, tidzamvana."

Kodi akawanena, wachimwa? Ngati wachimwa, tchimolo ndi lake yekha?

Funso lakale

Funsoli silinayambe ndi sola. Buku la Mphunzitsi Sira, pa mutu 27, limayerekeza tchimo ndi chikhomo chokhomedwa pakati pa miyala iwiri, ponena kuti limadzipanikiza pakati pa kugula ndi kugulitsa. Mneneri Amosi, pa mutu 8, adadzudzula amalonda amene ankaona tsiku la Sabata kuchedwa kutha pofuna kukachepetsa muyeso, kukweza mtengo ndi kugulitsa mankhusu pamodzi ndi tirigu. Buku la Miyambo, pa mutu 11, limati sikelo yonyenga imamunyansa Mulungu.

Ngakhale anthu amene sankadziwa Malembo adalimbana nalo funsoli. Cicero, munthu wanzeru wa ku Rome, polemba m'chaka cha 44 Yesu asanabadwe, adasimba za wamalonda wochokera ku Alexandria amene adafika ndi tirigu pa chilumba cha Rhodes nthawi ya njala. Iye yekha ankadziwa kuti zombo zina zodzaza tirigu zili m'njira, ndipo zikafika mtengo utsika. Kodi awauze anthuwo, kapena agulitse msanga pa mtengo wokwera? Cicero adati awauze.

Patapita zaka zoposa chikwi, Thomas Aquinas woyera, amene adamwalira mu 1274, adaunikanso nkhaniyi m'buku lake la Summa Theologiae. Iye adasiyanitsa zinthu ziwiri. Wamalonda wa tirigu uja, adatero, chilungamo sichimukakamiza kulengeza za zombo zimene zikubwera, ngakhale kuti kutero kukanaonetsa mtima wabwino koposa. Momwemonso wogulitsa kavalo wa diso limodzi sayenera kuchita kufuula za chilema chimene aliyense akuchiona, bola atsitse mtengo moyenera. Koma chilema chikakhala chobisika, ndipo chingabweretse ngozi kapena kuluza kwa wogula, wogulitsa akakhala chete malondawo ndi achinyengo, ndipo ayenera kubweza zimene mnzakeyo wataya.

Muyeso wa Thomas woyera ukuthandiza pakhonde la gogo uja. Mnyamata sakukakamizidwa kutchula kampani ina iliyonse yogulitsa sola, kapena kulosera za mitengo ya chaka chamawa. Koma kudzitseka kwa batire ndi chinthu chimene gogo sangachione ndi maso, ndipo chikukhudza ndalama yake ya manachesi. Kuonjezera apo, gogo wachita kufunsa. Apa sipalinso za kukhala chete. Mawu akuti "tidzamvana" akulonjeza chinthu chimene mnyamatayo alibe nacho mphamvu, pakuti wotseka batire ndi kompyuta ya kampani imene simva madandaulo. Mawuwo ndi bodza, ndipo ndalama yopezeka ndi bodza lotere imagwera pa lamulo lachisanu ndi chiwiri loletsa kuba, komanso lachisanu ndi chitatu loletsa umboni wonama. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa ndime 2409, amatchula chinyengo pa malonda ndi kudyera masuku pamutu anthu chifukwa cha kusadziwa kapena kuvutika kwawo ngati njira zina zotengera katundu wa mwini.

Zomwezi zimachitika pa malonda ena okonzera nyumba. Malata a geji 28 ndi okhuthala kuposa a geji 32, koma munthu amene akufolera nyumba koyamba angaganize kuti nambala yaikulu ndiyo yolimba. Simenti imene yakhalitsa pachinyontho imachepa mphamvu ngakhale thumba likuoneka bwino. Sola ya mababu atatu singayendetse filiji, kaya wogula aifunitsitse bwanji. Wogulitsa amene akudziwa zonsezi n'kumangomwetulira akukolola pa umbuli wa mnzake.

Njala imachepetsa mlandu, koma sisandutsa bodza kukhala choona

Wina anganene kuti n'kosavuta kulalikira za choonadi uli wokhuta. Mawu amenewa ali ndi nzeru, ndipo Mpingo sumawakana. Katekisimu yemweyo, pa ndime 1735, amavomereza kuti mantha, kukakamizidwa ndi zovuta zina za moyo zingachepetse kulakwa kwa munthu. Mulungu amaona lendi yosalipidwa ija. Amaona masiku asanu ndi anayi aja. Sayeza mnyamata wanjala ndi muyeso umodzi ndi munthu wolemera amene amanama kuti awonjezere galimoto lachitatu.

Komabe kuchepa kwa mlandu wa wonama sikuchepetsa kuluza kwa wonamizidwa. Mu Febuluwale nyumba ya gogo idzakhala mumdima chimodzimodzi, kaya amene adamunamiza anali wanjala kapena wokhuta. Bodza la mnyamata silichotsa njala padziko. Limangoisamutsa kuchoka pa mbale yake kupita pa mbale ya munthu wosauka kuposa iye. N'chifukwa chake chikumbumtima cha ejenti wachikhristu sichingapume pa mawu akuti "ndinalibe kuchitira mwina." Akuluakulu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. M'boma laling'ono ngati Mwanza, la anthu ongopitirira 130,000 malinga ndi kalembera wa 2018, mlomo wosiyidwa ku Thambani suchedwa kumveka ku Kunenekude.

Koma nkhani ikathera pamenepa, ndiye kuti katundu yense wasenzetsedwa wamng'ono. Pakhonde paja pakuoneka anthu awiri, chonsecho alipo atatu. Wachitatu ndi amene adakonza ntchitoyo mwa njira yoti kunena zoona kukhale kodula kwa munthu mmodzi yekha.

Amene sakuoneka pakhonde

Malipiro a komishoni paokha si tchimo. Ali ndi ubwino wake umene uyenera kunenedwa mosabisa. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 aliwonse m'Malawi ndiwo ankaunikira ndi magetsi, ndipo kumidzi chiwerengerocho chinali chotsika kwambiri. Maejenti oyenda khomo ndi khomo afikitsa kuwala kumene mizati ya magetsi ikanatenga zaka kuti ifike. Wachinyamata wopanda mpamba wapeza poyambira. Wakhama amapeza zambiri kuposa waulesi, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Makampani nawonso ali ndi mavuto awo enieni: katundu wawo amachokera kunja, ndipo pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo inakwera pamene matumba a ogula sanakule.

Vuto lili pa mawu akuti "yokha": komishoni yokha. M'malonda alionse muli masiku oipa, ndipo wina ayenera kuwasenza. Pa ntchito yolembedwa, bwana amasenza gawo lalikulu chifukwa ndiye mwini mpamba ndi phindu. Pa komishoni yokha, tsiku loipa lonse limagwera woyenda pansi. Mvula ikadula msewu, waluza ndi iye. Njala ikagwa m'mudzi, waluza ndi iye. Komatu tsiku limene sanagulitse silinapite pachabe kwa kampani. Makomo makumi awiri amva dzina lake, aona babu likuyaka, ndipo ena adzagula m'tsogolo, mwina kwa ejenti wina. Ntchito yagwiridwa, phindu lake lidzafika, koma woigwira sanalandire kanthu.

Kampani ingayankhe kuti mnyamatayo adavomera yekha ndipo adasaina. Yankho limeneli Papa Leo XIII adaliunika kale m'kalata yake ya Rerum Novarum ya pa 15 Meyi 1891. Adaphunzitsa kuti pamwamba pa mgwirizano uliwonse wa bwana ndi wantchito pali lamulo lachilengedwe loti malipiro akwanire kusunga munthu wodziletsa, ndipo wantchito akavomera zochepa chifukwa cha umphawi kapena mantha, ndiye kuti waponderezedwa. Katekisimu, pa ndime 2434, amabwereza kuti kugwirizana kokha sikukwanira kuti malipiro akhale olungama. Papa John Paul II, m'kalata ya Laborem Exercens ya 1981, adakumbutsa kuti munthu wogwira ntchito ndi wofunika kuposa mpamba, ndipo malipiro olungama ndiwo poyesera ngati dongosolo lonse la chuma likuyenda bwino. Kuno kwathu, maepiskopi m'kalata yawo ya pa 8 Malichi 1992, imene ambiri amaikumbukira pa nkhani za ndale, adadandaulanso za malipiro osakwanira ndi za kukula kwa phompho pakati pa olemera ndi osauka.

Ngakhale malamulo a dziko sangoyang'ana dzina lolembedwa papepala. Lamulo la za ntchito la m'chaka cha 2000 limawerenga ngati wantchito munthu amene amadalira mnzake pa chuma ndi kumugwirira ntchito mwa njira yofanana kwambiri ndi ya wolembedwa kusiyana ndi ya wodziimira payekha. Munthu amene amauzidwa mtengo, dera loyendamo, chiwerengero choti akwanitse ndi malaya oti avale, kudziimira kwake kuli pati?

Mthenga Wabwino wa Mateyo, pa mutu 20, umasimba za mwini munda wamphesa amene adapeza anthu ataima pamsika tsiku lonse chifukwa palibe adawalemba. Madzulo adawapatsa malipiro a tsiku lathunthu. Fanizoli likunena za kukoma mtima kwa Mulungu, ndipo silinaperekedwe ngati buku la malamulo a kampani. Komabe likuonetsa mmene Mulungu amaonera munthu amene wadikira tsiku lonse osapeza kanthu: amaona kuti nayenso ali ndi ana ofuna kudya madzulo amenewo. Buku la Deuteronomo, pa mutu 24, limalamula kuti mmphawi waganyu alipidwe dzuwa lisanalowe, ndipo kalata ya Yakobe, pa mutu 5, imati malipiro omanidwa amafuula mpaka kumveka kwa Ambuye.

Tsono bwana amene amati "ife sitinamuuze kuti aname" ayenera kudzifunsa mozama. Munthu akakumba dzenje panjira, sangasambe m'manja ponena kuti sanakankhe aliyense. Ngati kampani imayamika ndi kupatsa mphoto ejenti wogulitsa kwambiri popanda kufunsa mmene wagulitsira, yaphunzitsa kale bodza ngakhale isanalitchule. Njira zokonzera zilipo ndipo sizifuna kuti kampani igwe: kandalama kotsimikizika ka mayendedwe ndi mayunitsi, mgwirizano wolembedwa m'chinenero chimene ejenti ndi wogula akumva, komishoni yolipidwa pa tsiku lake, kusadula ndalama ya ejenti pa zolakwa zimene si zake, ndi kulemekeza amene makasitomala ake akukhutira kuposa amene wangochulukitsa maina.

Ogula nawo ali ndi gawo

Nkhaniyi ikukhudzanso akhristu a m'tauni amene sanagulitsepo sola. Ambiri mwa iwo ndiwo amatumiza ndalama kumudzi kuti makolo afolere malata kapena aike magetsi a dzuwa. Ena akumanga nyumba zawo ndipo amaitana achinyamata otere kuti adzayeze mazenera, awerengere mabaketi a penti ndi kulemba mitengo. Mnyamata amabwera kawiri, katatu, pa ndalama yake. Kenaka mwininyumba amatenga pepala lija n'kukagula kwina, osamuuza n'komwe. Palibe lamulo la boma limene waphwanya. Koma wadya nthawi ndi luso la munthu amene nthawiyo ndiye mpamba wake wokha. Amene akudziwa kuti sagula, anene msanga. Amene wapindula ndi muyeso ndi malangizo, aganizire zobweza ngakhale ya mayendedwe.

Palinso ogula amene amatenga katundu pangongole akudziwa kuti sadzamaliza kulipira, kapena amapita kwa amisiri kuti adule mawaya otsekera batire. Amati akubera kampani yolemera. Nthawi zambiri woyamba kupwetekedwa ndi ejenti, amene komishoni yake ingadulidwe kapena dzina lake kuipa ku ofesi. Mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Amene waima pageti ndi katoni angakhale mwana wa mayi amene amakhala naye benchi limodzi pa Misa.

Ndipo mwana wa m'tauni amene amauza amayi ake pafoni kuti, "Tengani basi amayi, ndizilipira ine," wapanganso lonjezo. Akaiwala mwezi wachitatu, mdima umagwera amayi ake ndipo manyazi amagwera ejenti amene amadutsa pakhomopo sabata iliyonse.

Pakhonde paja

Mnyamata uja wapuma mpweya, kenaka wayankha. "Agogo, ndikuuzeni zoona. Mukapanda kulipira, magetsiwa amazima okha mpaka mutalipira, ndipo ine ndilibe mphamvu yowayatsa. Tiyeni tiwerengere limodzi miyezi ya njala. Ngati palibe amene angakuthandizeni nthawi imeneyo, pali nyali yaing'ono ya sola yolipira kamodzi. Imeneyo palibe angakuzimitsireni."

Gogo wawerenga ndi zala, wapukusa mutu, ndipo wati adikira kaye alankhule ndi mwana wake wa ku Blantyre. Mnyamata wamanganso katoni yake. Tsiku lakhumi latha osagulitsa kanthu.

Kungakhale kunama kulonjeza kuti mawa lake adzagulitsa zisanu chifukwa wanena zoona. Nthawi zina mbiri yabwino imabweretsa makasitomala, nthawi zina ayi. Alipo anthu oona mtima amene ntchito yotere yawakanika, n'kukwera basi ya ku Johannesburg pa chipata chomwe chija. Chikhristu sichiphunzitsa kuti choonadi chimalipira msanga. Chimaphunzitsa kuti munthu amene waima patsogolo pako ndi chifaniziro cha Mulungu, ndipo sangasandutsidwe makwerero okwererapo, ngakhale wokwerayo ali ndi njala. Kwa amene adanamapo kale, khomo la sakramenti la kulapa ndi lotsekula, ndipo njira ya Zakeyo ya pa Luka 19 ikadalipo: kubwerera kwa amene adanyengedwa, kuwauza zoona ndi kukonza zimene zingakonzeke.

Koma ngati mnyamatayo wachita mbali yake, mtengo wa choonadi usatsale pa mutu pake pokha. Kampani imene dzina lake latetezedwa ndi kuona mtima kwake ili naye ngongole. Ogula amene amafuna wogulitsa wosanama ayenera kumusankha iyeyo, ngakhale mnzake wa lilime lotsekemera atatchula mtengo wotsikirapo. Mphakati umene umamuphunzitsa malamulo khumi uyenera kudziwa ngati wadya, kumutumizira makasitomala, ndi kumulandira mu banki m'khonde kuti mwezi woipa usamuponyere kwa akatapila. Mkhristu amene ali ndi shopu ya zomangira, kapena amayang'anira maejenti ku ofesi, atenge buku lake la malipiro sabata ino ndi kufunsa kuti tsiku lopanda malonda amalisenza ndani.

Pa nthawi ya zopereka Lamulungu lino, ndalama za anthu onsewa zilowa m'mbale imodzi: ya mwini kampani, ya womanga nyumba, ndi ya ejenti amene wayenda sabata yonse m'fumbi. Wansembe sangathe kuzisiyanitsa. Amene zikuperekedwa kwa Iye amadziwa njira imene iliyonse yadzera.